Hamadu ndi Jombo za Mumgodi

1. Khomo laling'ono

Chaka cha 1975 chinamupeza Hamadu ali lova. Fomu 2 anali atamaliza, satifiketi ili gone m'sutikesi ya amayi ake, koma ku Wanki pepala silinkakumba malasha. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akamangozungulira m'komboni ya Nambala Wani, mapeto ake ankadziwika: kutsika pansi, kukawola malasha ndi fosholo kuyambira huta ya mgodi ikalira m'mawa mpaka msana kuiwala kuwongoka.

Amayi ake, a Maliyamu, za pansi sankafuna n'kuzimva komwe. Bambo ake a Hamadu anatsika m'mawa wina zaka zitatu m'mbuyomo, limodzi ndi amuna ena ambirimbiri, ndipo sanatulukenso.

Komabe panali khomo lina, laling'ono ngati la khola la nkhunda. Mgodi unali ndi timu ya othamanga, ndipo wolowa m'timuyo ankapatsidwa ntchito ya pamtunda, yotchetcha udzu pabwalo kapena yolongedza katundu m'sitolo ya zipangizo. A Tobiasi, mkulu wa timuyo, anali atalengeza kuti pakutha pa Meyi kudzakhala mpikisano wa mamailosi atatu. Malo anali amodzi. Owafuna anali ambiri, koma oopsa anali awiri: Hamadu ndi Laiton, mnyamata wa miyendo yaitali wa ku komboni ya Makwika.

Kusukulu Hamadu ankathamanga katatu pa mlungu, pabwalo la udzu, ndipo ankapambana. Munthu wanzeru akanangopitiriza chomwecho. Koma Hamadu anapita kukameta.

Kwa ometa, pansi pa mtengo wa tsanya, anamva za katswiri wina amene ankadzikonzekeretsa atavala jombo za mumgodi. Akuti tsiku la mpikisano akazivula, miyendo inkapepuka moti ankachita kumugwira kuti asapitirire mpaka kutchire. Dzina la katswiriyo palibe ankalidziwa. Mgodi wake aliyense ankatchula wakewake. Hamadu nkhaniyo anaimeza yonse, ndi minga yomwe.

Tsiku lomwelo anasolola jombo zakale za amalume ake kuseri kwa chitseko, zija zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Ndipo sanapite nazo pabwalo la udzu ayi. Anatsata njanji, akuponda miyala yakuthwa ija, mpaka ku siteshoni ya sitima ya Thomson Junction. M'mawa ulendo, madzulo ulendo, tsiku ndi tsiku, Lachisanu lomwe akangotuluka mumzikiti.

Nanga bwanji ku Junction, ngati kuti njira zina zinatha? Kunali Eldah, mwana wa a Antonio olumikiza mabogi a sitima. Ankagulitsa mazira owiritsa ndi mandasi m'mazenera a sitima ya ku Bulawayo. Anali ndi kampata m'mano, ndipo akaseka, ngakhale utsi wa injini unkaoneka ngati mitambo ya mvula yoyamba. Chibadwire anali atalankhula ndi Hamadu kamodzi kokha, kumuuza kuti asunthe akutchinga makasitomala. Hamadu mawuwo anawasunga ngati kalata.

2. Kugogoda denga

Amalume ake, a Abdulkarim, ankakhala nawo m'nyumbamo chichitikire maliro. Ntchito yawo pansi inali yolowa patsogolo pa anzawo, atanyamula mgwala, chitsulo chachitali chogogodera denga, kuti amve ngati mwala wa pamwamba uli wolimba. Anali munthu wochepa mawu, wotsimphina pang'ono mwendo wamanja.

Patatha milungu iwiri, madzulo ena ali pakhonde ndi kapu ya tiyi, Hamadu anatulukira ali thukuta kamukamu.

“Iwe Hamadu, bwerera pampopi paja, ubwerenso.”

“Bwanji, amalume?”

“Ndati bwerera. Ndikufuna ndimve.”

Hamadu anabwerera akung'ung'udza. Pobwera anapeza amalume atatsinzina, khutu atalozetsa kumsewu.

“Mwendo wamanja ukuti gu. Wamanzere ukuchita kupepesa nthaka. Ukubisa chiyani?”

“Palibe.”

“Khala apa. Vula jombo zangazo. Milungu iwiri ndakhala ndikunamizira agalu a eni.”

Anaugwira mwendowo n'kuyamba kudina msongolo ndi chala chachikulu, kuchokera pabondo kutsika pang'onopang'ono. Hamadu anali duu, akuyang'ana kumwamba ngati msilikali. Chala chitafika cham'kati, pamwamba pang'ono pa kakolo, msilikali uja anadumpha.

“Mayo!”

“Palibe wako uja ndi ameneyu? Unayamba liti kumva kuwawa?”

“Mlungu watha. Koma kunkayamba ndikamafika ku Junction basi.”

“Nanga dzana?”

“Pathanki ya madzi, ndisanafike ku Junction.”

“Lero?”

Hamadu anakanda m'mutu. “Potuluka pakhomo.”

A Abdulkarim anaika kapu pansi mwamphamvu moti tiyi anatayikira.

“Tamvera, mwana wa mlongo wanga, ndipo usandiyang'ane ngati ndikukuwerengera nyuzipepala ya chaka chatha. Ine pansi paja ndimadyera makutu. Denga limayamba lalankhula lisanagwe. Ukaligogoda lili bwino, limalira ngati belu. Likayamba kulekana m'kati, limalira ngati ng'oma yonyowa. Kenako limathothola timiyala. Kenako mizati imayamba kubuula. Wopusa amati, ‘Dzulo linaliranso chomwechi koma silinagwe.’ Ameneyo timamutulutsa pa machira.

“Fupa nalo n'chimodzimodzi. Ululu wa mnofu umamwazika, umaugwira ndi dzanja lonse, ndipo thupi likatenthedwa umachoka. Umenewo si mlandu. Koma ululu wokhala malo amodzi, woti chala chimodzi n'kuuphimba, wobwera msanga lero kuposa dzulo, wokutsata ngakhale poyenda, limenelo ndi fupa likuthothola timiyala. Ukaumirira, lichita mng'alu.

“Ukanandifunsa usanayambe, ndikanakuuza ndi tsiku lomwe. Mtima ndi mapapo zimaphunzira msanga. Fupa ndi mwana wogona m'kalasi, limafuna miyezi. Iwe walichotsa pa udzu n'kuliika pa miyala. Walisenzetsa chitsulo. Mtunda wauchulukitsa katatu mlungu umodzi, tsiku lopuma walimana. Ngakhale bulu wa ku Lukosi akanagona pamsewu!”

“Koma amalume, kuli katswiri wina amene...”

“Dzina lake ndani?”

“Amati...”

“Amati! Amati! Katswiri ameneyo wakhala pamaso pako, tiyi wake watayika chifukwa cha iwe!”

Hamadu anayang'ana mwendo wotsimphina wa amalume ake.

“Ndine ndinayambitsa uchitsiru umenewu, iwe ukuyamwa. Ndinapambana, inde, kamodzi. Mpikisano wachiwiri ananditola pa mailosi yachinayi ngati thumba la ufa. Ndinabisa, ndinamanga nsanza, ndinathamanganso, mpaka fupa linalumikizana mokhota. Timu inandisiya, ndipo ndinatsika pansi. Taona mmene ndimayendera. Ometa amakamba theka loyamba lokha, chifukwa theka lachiwiri silikoma pometa.”

A Maliyamu anali ataima pakhomo, manja ali m'chiuno. Maso awo anali pa mwendo wa mwana wawo.

“Tsono umve,” anapitiriza amalume. “Kwatsala milungu itatu. Iwiri usathamange n'komwe. Tenga njinga yanga, upalase mpaka utope. Mtima ugwira ntchito, fupa silimenyedwa. Udye tinsomba ta kapenta ndi mitu yomwe, umwe mkaka. Ndikadzadina apa osadumpha, tidzayamba pa udzu, ndi nsapato zopepuka za matenesi, lero pang'ono, mawa kupuma, mkucha kuwonjezera kachidutswa. Pa mpikisano udzafika usanakhwime kwenikweni, koma udzafika ndi miyendo iwiri. Ndipo ngakhale pamenepo sindikulonjeza. Tikapeza kuti sunapole, ndidzapita ndekha kwa a Tobiasi kukapempha kuti akuyese mwezi wa mawa. Kuthamanga si kufika.”

“Pa mpikisano kuthamanga ndiye kufika, amalume.”

“Achemwali, chotsani mwana wanuyu pamaso panga ndisanachimwe.”

3. Masiku anayi

Hamadu anapirira masiku anayi. Kwa iye zinali ngati zaka zinayi za ndende.

Lachiwiri anapalasa njinga mpaka ku Madumabisa, akuwerenga anthu onse amene ankamuona. Lachitatu anadya kapenta akuyang'ana kumbali ngati akumwa kwinini. Lachinayi anamva kuti Laiton akuthamanga kawiri pa tsiku, ndipo chakudya chinamukanika.

Lachisanu anadzuka, anaponda pansi, osamva kanthu. Anapondanso mwamphamvu. Zii.

“Amalume, ndachira!”

A Abdulkarim anali akumanga chipewa chawo cha nyali. Sanatembenuke n'komwe.

“Wachira chiyani? Denga likasiya kubuula, si kuti mwala walumikizana. Wangolichotsera katundu basi. Bwezera katunduyo lero uone. Masiku khumi atsala, ndipo ukandifunsanso ndiwonjezera awiri.”

Anthu akuluakulu! Amalankhula ngati kuti masiku amathyoledwa m'mitengo, ngati kuti mtsikana wa kampata m'mano angakhale chidikirire fupa la munthu mpaka litamaliza maphunziro ake. Hamadu anangopita kukapukuta njinga.

Loweruka masana, amalume ali pansi, njinga ija inalowera yokha ku Thomson Junction. Hamadu analumbira pambuyo pake kuti ankangofuna mphepo.

4. Kuchokera pathanki

Laiton anali komweko. Anali atatsamira mzati pafupi ndi dengu la Eldah, atavala vesiti yofiira, akusenda dzira mosafulumira. Amuna asanu a panjanji anali pamthunzi, akudikira sitima ya madzulo.

“Hawu! Madala afika pa njinga!” anafuula Laiton. “Jombo zija zili kuti, mfana? Tamva kuti amalume ako akukufungatira ngati dzira.”

Amuna aja anaseka. Hamadu anatsika pa njinga mwaulemu wonse umene anali nawo.

“Ndikupumitsa mwendo. Ndi nzeru za othamanga enieni.”

“Pumitsa, mfana, pumitsa. Ukadzatsika pansi ndi fosholo, ine ndizidzakutchetchera udzu pamwamba pako.”

“Musiye, Laiton,” anatero Eldah, akuthamangitsa ntchentche pa mandasi. Kenako anatembenukira kwa Hamadu. “Wena Hamadu, mlungu watha ndinakuona ukutsimphina pathanki paja. Usamvere za uyu. Ine pano ndikugulitsa mazira, sindikugawa zikho.”

Awa anali mawu anzeru, omveka bwino, oti ngakhale mwana wa Giredi 1 akanawamva. Koma Hamadu anamva zinthu ziwiri zokha: kuti Eldah ankadziwa dzina lake, ndi kuti mlungu watha ankamuyang'ana.

“Kuchokera pathanki mpaka pamlatho, n'kubwerera,” anatero Hamadu, akuvula malaya.

“Nkosi yami, Mulungu wanga,” anadandaula Eldah. “Kodi ndalankhula Chitchaina?”

A Antonio, bambo ake a Eldah, mmodzi wa amuna aja, anavomera kuimba wezulo wawo wa pantchito. Anyamata awiriwo anaima pamzere wojambulidwa ndi chidendene, m'kanjira ka phulusa ndi miyala kotsata njanji.

Tinene zoona, ometa sananame zonse. Ali ndi matenesi okha kumapazi, Hamadu anauluka. Mphepo inkaimba m'makutu mwake, mitengo ya tsanya inkathawira kumbuyo, ndipo Laiton ndi miyendo yake yaitali ankamveka akupuma cham'mbuyo ndithu.

Asanafike pamlatho, ululu uja unabwerera pamalo pake penipeni, ngati munthu amene anangopita kukamwa madzi. Potembenuka unasanduka msomali. Pobwerera msomaliwo unali wamoto, ndipo phazi lililonse linali nyundo.

Apa n'kuti mpata woima ulipobe. Palibe akanamumanga. Akanatsimphina n'kukhala pansi, akanasekedwa masiku awiri, nkhani n'kutha. Koma patali ankaona kansalu kachikasu ka kumutu kwa Eldah, ndipo pambali pake Laiton anali atayamba kumupitirira.

Hamadu analuma mano n'kuwonjezera liwiro.

Kutatsala mayadi ochepa, anamva kanthu m'mwendo kakuti thyo, mwakachetechete, ngati kamtengo kouma kothyoka m'thumba. Anadziponya kutsogolo, anadutsa mzere phazi limodzi patsogolo pa Laiton, n'kukagwera pa mulu wa mitanda ya njanji.

Amuna aja anakuwa, akuponya zipewa m'mwamba. A Antonio anaimba wezulo mpaka kutsamwa. Laiton analavula n'kumapita osatsanzika.

Eldah anabwera ndi dzira limodzi ndi kamchere papepala. Anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sikunali kuyang'ana kumene Hamadu ankalota.

“Wapambana. Ndiye wapata chiyani?”

“Dzira,” anayankha Hamadu, akuyesa kumwetulira.

“Nkhope yako yatuwa.”

“Ndi fumbi.”

“Fumbi la kuno ndi lakuda, wena.”

Mwamwayi sitima inalira. Eldah ananyamula dengu n'kuthamangira kumazenera, amuna aja anabalalikira ku ntchito zawo. Hamadu anadumpha ndi mwendo umodzi mpaka pa njinga. Ulendo wonse wobwerera anapalasa ndi wamanja wokha, wamanzere uli lende.

Analowera khomo la kuseri. Msongolo unali utatupa, ukutentha ngati mbaula. Anaukulunga ndi kansalu konyowa, anavala buluku lalitali, ndipo amayi ake atamuitana anati mutu ukumuwawa chifukwa cha dzuwa.

5. Mlendo wa jekete

Lamlungu Hamadu anadzikokera pabenchi la pakhonde anthu ena asanatuluke, anatsegula buku lake lakale la jogalafe, n'kukhala pomwepo osasuntha. A Maliyamu anadabwa kuona mwana wawo akonda sukulu itatha kale. A Abdulkarim anayang'ana buluku lalitali lija, anayang'ana dzuwa.

Chakumasana kunamveka mawu kumpanda.

“Odi kuno!”

Anali a Tobiasi, atavala jekete la kutchalitchi. A Maliyamu anathamanga kukatenga mpando wabwino uja, anagwada n'kuwalonjera. Hamadu anapereka moni ndi manja awiri ali chikhalire, mutu ataweramitsa kwambiri kuti ulemu wa mutu uphimbe mwano wa miyendo.

Tiyi atabwera, a Tobiasi anayamba nkhani.

“Amayi, mwana wanuyu wandisokonezera mapemphero. A Antonio anandinong'oneza nkhani yake kuyambira nyimbo yoyamba mpaka dalitso. Akuti dzulo wamusiya Laiton ku Junction, pa miyala, anthu akuona.”

A Abdulkarim anasiya kuuzira tiyi wawo.

“Dzulo?” anafunsa motsitsa. “Pa miyala?”

“Simunamve, achimwene? Mphwanuyu ndi mphezi! Tsono ine ndili pa vuto. Loweruka likudzali timu ikupita kukapikisana ku Kamativi, ndipo wa mamailosi atatu ndilibe. Sindingadikire kutha kwa mwezi. Laiton ndinkamuganizira, koma wagonja poyera. Hamadu akapita nafe n'kumaliza bwino, mpikisano uja ndaufafaniza, malo ndi ake. Lolemba lotsatira adzayamba ntchito m'sitolo ya zipangizo.”

A Maliyamu anagwira pakamwa. Kenako analulutira, mokweza moti nkhuku za oyandikana nawo zinabalalika. Misozi inali ikutsika.

“Pamtunda! Mwana wanga pamtunda! Alhamdulillah! Achimwene, mwamva?”

“Ndamva,” anatero a Abdulkarim. Maso awo sanachoke pa buluku lija.

A Tobiasi anatulutsa kabuku ndi pensulo m'thumba la jekete, ananyowetsa pensuloyo ndi lilime.

“Koma ndifunse mwalamulo, mnyamata. Ndikalemba dzina n'kulipereka ku ofesi, silifufutika. Wondichititsa manyazi ku bwalo la eni sabwereranso m'timu yanga. M'thupi muli bwino? Palibe pakuwawa?”

Hamadu anayang'ana amalume ake. Iwo ankamuyang'ana m'maso, akumupatsa mpata womaliza. Anayang'ana amayi ake, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Pansi pa buluku, msongolo unkagunda ngati uli ndi mtima wakewake.

“Ndili bwino, bambo. Palibe pakuwawa.”

Pensulo inayenda. A Tobiasi anatseka kabuku, anamaliza tiyi, anaimirira n'kukonza jekete.

“Basi, ndisakuchedwetseni. Tsalani bwino, amayi.”

“Mupite bwino, bambo, Mulungu akudalitseni,” anatero a Maliyamu. Kenako anatembenukira kubenchi, nkhope itasintha. “Iwe Hamadu! Wakhala bwanji ngati mwala? Mlendo wakubweretsera moyo pakhomo, iwe uli phee ndi buku? Nyamuka uwaperekeze abambowa!”

“Amayi, ine...”

“Amayi ako anena zoona,” anatero a Abdulkarim, akuika kapu pansi mofatsa kwambiri. “Kwathu mlendo wolemekezeka sitimusiyira pampanda. Aperekeze mpaka kumsewu waukulu. Ndipo njinga isiye, ndikuifuna.”

Kumsewu waukulu kunali kuseri kwa mizere isanu ndi umodzi ya nyumba, ndipo pakhonde lililonse panali anthu a Lamlungu, opanda chochita koma kuyang'ana odutsa.

A Tobiasi anaima pachipata, chipewa chili m'manja, akumwetulira.

“Tiye, mphezi yanga. Ndione kayendedwe ka munthu amene ndamulemba.”

Hamadu anatseka buku la jogalafe. Anagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri, anakoka mpweya, n'kutsitsira pansi phazi lamanzere.